Injini ya Helikopita ndi Dzanja la Amalume

M'nthawi ya nkhondo ine sindinawomberepo munthu. Ndinali makaniko wa mahelikopita, aja akuluakulu amene ankanyamula ufa, mankhwala ndi asilikali ovulala. Boma linanditenga ndili pasukulu ku Lichinga n'kunditumiza kudziko lina lozizira, kumene ndinaphunzira ntchitoyi zaka zitatu. Nditabwerako anandipatsa udindo wa sarjento ndi bokosi la masipanala. Kwathu ndi kunyanja, mudzi wina pakati pa Metangula ndi Cobue, koma panthawi imene ndikunenayi ndinali nditatha zaka zambiri osapondako phazi.

Abambo anga anamwalira ine ndili kunjako. Kalata ya mlongo wanga inandipeza maliro ataiwalika kale, ndipo inali ndi dzina la munthu mmodzi yekha, amene anawaphetsa, lolembedwa katatu.

Abambo anali mmisiri wa maboti. Boti lawo lomaliza analikhoma ndi matabwa a mlombwa, lalikulu, la thanga, lonyamula ukonde waukulu wa chilimila ndi amuna khumi popanda kudandaula. Pa chilimilapo anali ndi mnzawo amene anayamba naye usodzi onse ali anyamata. Ndiye anandiimira pa ubatizo, choncho ndinakula ndikumutchula amalume ngakhale panalibe chibale. Ankalowa m'nyumba mwathu osaodira. Ufulu utabwera anamusankha kukhala sekeletale wa mudzi: wolemba makalata a ulendo, wosunga mndandanda wa olandira sopo ndi mchere zikabwera.

Nkhondo itafika kumapiri, anthu a midzi ya kumtunda anayamba kutsikira kunyanja ndi mitolo pamutu. Abambo anaolotsa mabanja angapo kupita ku Likoma, pakati pawo mayi wina wodwala pakati amene sankathanso kuyenda. Amalume aja anakanena kwa akuluakulu kuti abambo amaolotsa zigawenga za m'tchire ndi kuzibweretsera mchere. Akuluakuluwo anagoneka abambo pabwalo la sukulu mudzi wonse ukuona, anawakwapula ndi chikoti, amalume ataima pambali akuwerenga zikotizo mokweza. Kenaka anawatengera kumsasa wina kumtunda. Anabwerako miyendo itatupa ngati mitondo, ndipo mwezi sunathe. Boti linalengezedwa kuti tsopano ndi la anthu onse, ndipo anthu onsewo anali amalume.

Ndinakhala ndi nkhani imeneyi m'mimba zaka zinayi. Ndinkaimanga pamodzi ndi bawuti iliyonse imene ndinkamanga.

M'mawa wina ku Lichinga a tenenti, ofesala wotilamulira, anatiitana. Anati helikopita ina yatera mokakamizika kunyanja, injini ya kumanzere yafa m'mwamba, woyendetsa wangokwanitsa kuikhazika pansi. Tipite tikachotse injini yakufayo, itumizidwe ku Metangula, ina ikadzapezeka tidzaikemo. Mudzi umene anatchula unali wakwathu. Anafunsa ngati pali wodziwa chiyankhulo cha kumeneko. Ndinakweza mkono. Sindinanene kuti ndi kwathu.

Tinapita atatu pamodzi ndi asilikali ochepa otilondera: a tenenti, ine, ndi mkulu wa amakaniko, munthu wa kumwera wa dazi, amene tonse tinkangomutchula mdala. Mdalayu anayamba kugwira ndege Apwitikizi adakalipo. Sankakonda kuyankhula, ndipo sipanala ukaisiya pansi pafumbi ankangoitola, kuipukuta, n'kukuyang'ana mpaka uchite manyazi. Boti la asilikali a panyanja linatitula pagombe la kwathu n'kubwerera nthawi yomweyo. Anatiuziratu kuti dizilo wa ulendo wachiwiri alibe, injiniyo tidzaone tokha moibweretsera.

Helikopita inali itakhala pabwalo la sukulu. Bwalo lomwe lija. Mbuzi zinali zitagona pamthunzi wa kumchira kwake.

Amalume anabwera kudzatilandira atavala malaya a misonkhano otuwa, buku m'khwapa. Anali atanenepa khosi. Atandizindikira anaima kaye, kenaka anatambasula manja.

"Mwanangu! Ndiwe? Taonani anthuni, mwana wathu wabwera ndi ndege!"

"Ndine amalume. Muli bwanji?"

"Tilipo, tilipo mwanangu. Mavuto okhaokha."

Ndinawapatsa dzanja, lina nditagwira pachigongono monga mwa ulemu. Dzanja lawo linali lofunda, lofewa, losagwiranso nkhafi.

Pomwepo ndinaona chinthu chimene chinandisangalatsa kuposa kuona kwathu. Chipwitikizi cha amalume chinali cha pamsonkhano basi, mawu aja okuwa nkhonya ili m'mwamba. A tenenti akayamba kuyankhula mwachangu monga amachitira anthu a kumwera, amalume ankangomwetulira, kugwedeza mutu, maso ali pa ine. Mawu onse pakati pa anthu awiriwa ankayenera kudutsa pakamwa panga.

Masana ndinapempha chilolezo chokayenda m'mudzi, n'kupita kukaona amayi. Ndinawapeza akuyanika chinangwa chovuula pathandala. Anali atachepa thupi kwambiri. Sanalire, sanalulute. Anapukuta manja pachitenje, anandigwira nkhope, kenaka anafunsa:

"Wamuona?"

"Ndamuona."

"Amadutsa pano tsiku lililonse. Amapereka moni."

"Inu mumayankha?"

"Ndikapanda kuyankha mchere ndiutenga kuti?"

Anandiperekeza kumanda. Panalibe mtanda, panali mulu wa miyala ya kunyanja basi. Ndinaima pamenepo kanthawi, ndipo chimene ndinkaganiza sichinali pemphero.

Ntchito tinayamba m'mawa mwake. Injini za helikopita yotere zimakhala ziwiri, zogona pamwamba pa denga, kutsogolo kwa mtengo wa mapiko. Ukatsegula zitseko zake za m'mbali zimagwa ngati khonde, n'kumaimapo. Mdala anayamba ndi kutulutsa sefa ya oyilo n'kundionetsa: inali yodzaza tizitsulo tonyezimira ngati mamba a usipa. Injini inali itadzidya yokha m'kati. Tinakhetsa oyilo, tinamasula mapaipi a mafuta, mawaya a magetsi, ndodo zochokera kwa woyendetsa, ndi chipaipi chachikulu cha utsi. Paipi iliyonse ikamasulidwa timaitseka kukamwa nthawi yomweyo, chifukwa fumbi la pabwalo la sukulu likalowa m'menemo limapha anthu mwezi wamawa. Zotsekera zitatha tinang'amba malaya anga akale n'kumamanga ndi waya. Mabawuti onse mdala ankawaika m'timatumba, kathumba kalikonse ndi kapepala kake. Tinachotsanso mapiko awiri amene analoza kutsogolo n'kuwagoneka m'kalasi, pamwamba pa mabenchi.

Chokwezera katundu tinabwera nacho, chija cha unyolo chimene amakaniko timati tcheni buloko, koma pochipachika panalibe. Pankafunika mitengo itatu yaitali, yowongoka, yoti tiimike ngati mafuwa pamwamba pa helikopita. Mitengo yotere inali m'phiri, ndipo m'phirimo anthu sankapitamo mwachisawawa masiku amenewo.

A tenenti anati: "Uwauze a sekeletale atipezere amuna okadula mitengo. Asilikali anayi awaperekeza."

Ine ndinatembenuka n'kunena m'Chinyanja: "Akuti mupeze amuna okadula mitengo, ndipo inuyo mutsogolere ndi kusenza nawo, kuti anthu aone chitsanzo."

"Ine? Mwanangu, msana wangawu..."

"Ndiwauze kuti mwakana?"

"Iyayi, iyayi. Usatero."

Anabwerako dzuwa litapendeka, atasenza kutsinde kwa mtengo waukulu, malaya a misonkhano aja atang'ambika paphewa, phewalo litasupuka. A tenenti anandiuza kuti sanaonepo sekeletale wodzipereka chotere, ndiwayamikire. Mawu amenewo ndinawamasulira bwinobwino, osachotsapo kanthu.

Tsiku lachiwiri mdala anakhetsa mafuta a pansi pa matanki, aja amene amasakanikirana ndi madzi ndege ikakhalitsa. Mafuta a ndege zotere ndi palafini ndithu, ndipo mudzi unali utatha chaka osaona palafini. Uthenga unayenda. Posakhalitsa amayi a m'mudzi anali atandanda ndi mabotolo. Mdala anati ndiziwathirira ine. Ndinathirira aliyense, ena ondidziwa akundifunsa ngati ndinakwatira. Kenaka anafika akazi a amalume, amene ndili mwana ankandisungira mbatata yootcha.

"Atha, azakhali," ndinatero.

Ndowa inali pakati, iwo akuiona. Anayang'ana ndowa, anayang'ana ine. Ndinawalambalala n'kulandira botolo la mayi wa kumbuyo kwawo, kulidzaza mpaka kusefukira. Azakhali aja anabisa botolo lawo m'chitenje n'kuchoka pang'onopang'ono.

Madzulo ake a tenenti anafunsa za boti lotengera injini ku Metangula. M'mudzi munali boti limodzi lokha loti n'kunyamula katundu wotere. Amalume anayankha nthawi yaitali, manja akuyenda. Anati botilo likuchucha, thanga ndi lakale, komanso mabanja ambiri amadya chifukwa cha chilimila chimene chimayenda m'botimo, choncho akupempha kuti tidikire boti la asilikali.

"Akuti bwanji?" anafunsa a tenenti.

"Akuti boti lilipo, ndi la anthu onse, ndipo akulipereka ndi mtima wonse. Mulisunge nthawi yonse imene mukulifuna."

A tenenti anaimirira n'kuwagwira dzanja amalume mwamphamvu. Amalume anamwetulira, koma anaona kuti chinachake chalakwika. Anthu atabalalika ananditsatira kuseri kwa sukulu.

"Mwanangu, wawauza chiyani akuluwa?"

"Zimene munanena inu nomwe abambo atatengedwa. Kuti boti ndi la anthu onse."

Anatsitsa mawu. "Iwe unali kutali, sukudziwa mmene zinalili. Anthu anali ataona kale botilo likuoloka. Ndikanapanda kunena ine, wina akanatinena tonse awiri. Ndili ndi ana."

"Abambo analibe ana?"

"Sindinaganize kuti awatengera kumtunda. Ndinkati awakwapula basi, zithe."

"Ndiye munati poti ndi kukwapula basi, muwathandize kuwerenga."

Ankangofinya buku lawo lija. Ndinkayembekeza kuti mwina agwada, kapena alira, kapena andinyoza. Chilichonse mwa zimenezi chikanandipeputsa. Koma anangoti, "Nthawi inali yoipa, mwanangu," ngati akunena za mvula imene inakokolola mbewu.

Tsiku lachitatu ndilo linali lotsitsa injini. Tinaimika mitengo itatu ija, miyendo yake titaikumbira pansi, nsonga titazimanga ndi zingwe za chilimila. Buloko inapachikidwa pamwamba, unyolo wake wokokera ukulendewera mpaka pansi. Mdala anakwera padenga, anakoleka malamba m'makutu a injini. Ine ndinaima pansi ndi unyolo m'manja. Ndinakoka pang'ono mpaka malamba anauma, kuti kulemera kuchoke pa mabawuti. Mdala anamasula zogwirira za kutsogolo, kenaka cholumikizira cha kumbuyo. Pamenepa ndi povuta: injini imayenera kusunthira kutsogolo pang'ono, mwina chikhatho chimodzi, kuti chitsulo chake chozungulira chisolokoke m'giyabokosi chili chowongoka. Ukapotoza pang'ono waononga giyabokosi, ndipo helikopita yonse yasanduka khola la nkhuku. Mdala anaikankha ndi phewa, akuinong'oneza ngati ng'ombe. Inasolokoka bwinobwino.

"Kweza," anatero. Ndinakweza.

Injini inatuluka m'malo mwake n'kulendewera m'mwamba, yaitali ngati munthu wogona, yolemera ngati matumba angapo a chimanga, oyilo wotsala akudontha. Mudzi wonse unali utazungulira bwalo. Ndinaitana amuna onse kuti akankhe helikopita chambuyo ichoke pansi pa injiniyo. Ndinkakuwa m'Chinyanja, "Kankhani! Pang'onopang'ono! Imani!" ndipo ankamva. Helikopita inasuntha ngati ng'ombe yokhuta, pansi pa mitengo panatsala poyera.

Tinali titakonza chogonekapo injini: mitanda iwiri yokhuthala yosemedwa pakati, yokhomedwa pa mitengo iwiri yaitali yonyamulira. Pankafunika anthu anayi oigwira kuti isasunthe injini ikamatsika. Atatu ndinasankha asilikali. Wachinayi ndinaitana amalume.

"Bwerani mugwire apa, kutsogoloku. Ndi malo a munthu wamkulu."

Kunena zoona, mpaka pano sindidziwa ngati powaitanapo ndinali nditaganiza kale zimene ndinachita. Ndinkafuna ndiwaone atagwada pabwalo limenelo, chitsulo chili pamwamba pa mutu wawo. Mwina zinali zokhazo.

Ndinayamba kutsitsa. Buloko imatsitsa pang'onopang'ono, unyolo wa m'manja umayenda mikono yambiri kuti katundu atsike chala chimodzi. Mphepo ya mpoto inali itayamba, injini inkagwedezeka uku ndi uku. Mdala anali atatsika padenga, ataima kumbuyo kwa injini akuiwongolera. Itatsala pang'ono kukhala, mtanda wa kutsogolo unapotoka. Amalume, pofuna kuonetsa khama pamaso pa a tenenti, anaika dzanja lamanja pamwamba pa mtandawo, m'malo osemedwa momwe, kuti aukankhire pakati.

Ndinaliona dzanjalo. Ndinaona zala zinayi zitagona pamtengo, chala chachikulu chili m'mbali. Pamwamba pake panali mphepete mwa chitsulo, mpata wake wosakwana chikhatho.

Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti usanakhazike katundu umachenjeza. Ndinachenjeza. Ndinakuwa mokweza kuti onse achotse manja, koma ndinakuwa m'Chipwitikizi, mwachangu, monga amayankhulira a kumwera. Asilikali atatu aja anachotsa manja nthawi yomweyo. Amalume anatukula mutu n'kundiyang'ana, kudikira kuti ndiwamasulire monga ndinkachitira masiku onsewa.

Ndinakoka unyolo ndi manja awiri, msangamsanga.

Phokoso silinali lalikulu. Linali ngati munthu waponda nkhono. Kenaka kukuwa. Amayi a m'mudzi anagwira kumutu, ena anathawa. Mdala anakuwa kuti ndikweze, ndipo ndinakweza, koma ndinakweza monga mmene buku limanenera, mosathamanga, mkono umodzi pambuyo pa unzake. Dzanja litatuluka, zala ziwiri za pakati zinali zitaphwanyika ngati chinangwa chovuula. Msilikali wina wodziwa za mabala anawakhazika pansi pa mtengo wa mango, anamaliza kudula zimene zinatsala, anamanga ndi nsalu. A tenenti anabwera kudzandigwira paphewa.

"Usadandaule sarjento. Unachenjeza, ndinamva ndekha."

Ndinayang'ana pansi kuti asaone nkhope yanga. M'chifuwa mwanga munali mopepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni umene ndinausenza kuchokera kutali. Sindibisa: ndinakondwa. Ndinkamva amalume akubuula pansi pa mango paja ndipo manja anga ankamanga malamba a injini mwaluso kuposa tsiku lina lililonse.

Titatsala awiri, tikupukuta masipanala ndi kuwawerenga pobweza m'bokosi, mdala anayankhula osandiyang'ana.

"Masiku atatu wakhala ukuwakuwira anthu awa m'chiyankhulo chanu. Kankhani, imani, zonsezo. Ine mpaka ndaphunzirako mawu awiri."

Ndinapitiriza kupukuta sipanala, iye n'kupitiriza kuyankhula.

"Munthu ujayu anakulakwira chiyani sindikudziwa, ndipo sindikufuna kudziwa. Kwa a tenenti sindinena. Koma unyolo wanga sudzaugwiranso. Munthu amene amaona dzanja n'kutsitsa, tsiku lina adzaona bawuti yosamanga n'kutseka chitseko."

"Anapha abambo anga," ndinatero.

"Ndati sindikufuna kudziwa." Anatseka bokosi.

Ndinapita kwa amayi ndikuyenda ngati mwana amene wakhoza mayeso. Nkhani inali itafika kale. Ndinawapeza atakhala pakhonde, miyendo atatambasula.

"Akuti zala ziwiri," anatero.

"Ziwiri. Za dzanja lolembera."

"Ziwiri." Anakhala ngati akuzilawa m'kamwa. "Abambo ako anawabweretsa pamachira, ine osawazindikira. Iwe wabwera ndi asilikali, ndi mfuti, ndi chindege chonsechi, n'kutenga zala ziwiri."

Ndinkayembekeza kuti andidzudzula chifukwa cha nkhanza, kapena andiyamika. Izi sindinaziganizire.

"Nanga mawa ukupita?" anafunsa.

"Mawa, ndi injini."

"Ine nditsala ndi ndani? Ukuganiza kuti sakudziwa? Mkazi wake sakudziwa, ndi palafini uja? Kulemba alephera, koma pakamwa ali napo. Pakamwa pomwepo ndi pamene panapha abambo ako."

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti pa masiku atatu onsewo sindinaganizepo n'kamodzi komwe za mmene amayi adzakhalire ine nditachoka. Anaimirira, analowa m'nyumba, anayamba kumanga katundu: mphika umodzi, mphasa, zitenje, ndi sompho ya abambo. Chinangwa cha pathandala anapatsa anansi.

M'mawa amuna a m'mudzi anasenza injini pa mitengo ija kupita nayo kugombe, akusinthana. Tinaikuta ndi lona. Analowa nayo m'madzi mpaka m'chiuno n'kuikhazika pakati pa boti. Botilo linatsika pang'ono n'kukhazikika. Silinkachucha n'dontho lomwe. Mdala anatsala ndi asilikali ena kulondera helikopita. A tenenti ataona mayi wokalamba akukwera ndi mtolo anandifunsa kuti ndi ndani. Ndinati ndi amayi anga, akudwala, akupita kuchipatala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa aka kanali koyamba kumva kuti mudziwu ndi kwathu, koma anangowapatsa dzanja kuwathandiza kukwera.

Amalume sanabwere kugombe. Akazi awo anaima patali pansi pa mtengo, manja atapinda.

Mpoto unatikankha bwino tsiku lonse. Amayi anakhala pafupi ndi injini, msana atatsamira lona, dzanja likusisita thabwa la m'mbali. Panthawi ina anauza wogwira chiwongolero kuti akulikoka kwambiri thanga, botili silifuna kukakamizidwa. Munthuyo anamasula chingwe pang'ono ndipo boti linathamanga. Madzulo tinaona nyumba za Metangula.

Ndinalemba pepala lakuti boti likhale pa kampu ya asilikali a panyanja kudikira injini yatsopano. Maganizo anga anali akuti zinthu zikadzakhazikika ndidzalipereke kwa amayi. Injini yatsopano inachedwa miyezi yambiri, ndipo itabwera anaipititsa ndi helikopita ina. Boti asilikali anayamba kutengera nkhuni, ndipo tsiku lina la mwera analigunditsa pamiyala n'kulisiya pomwepo. Mabanja aja amene ankadya za chilimila anakhala opanda boti mpaka nkhondo inatha. Ena mwa iwo ndi amayi omwe aja ndinawadzazira mabotolo. Zimenezi ndinazimva patapita nthawi, ndipo ndi zokhazo zimene zimandiluma.

Mdala anasunga mawu ake onse awiri. Sananene kwa aliyense, koma atabwerera ku Lichinga anapempha kuti andichotse pagulu lake. Zaka zotsala za nkhondo ndinazithera m'chipinda chotchajira mabatire, zala zikusupuka ndi asidi. Injini ya ndege sindinaikhudzenso. Amayi anakhala kwa mlongo wanga ku Metangula, akugulitsa nsomba zouma.

Nkhondo itatha ndinasiya usilikali n'kuyamba kukonza mainjini a maboti pagombe la Metangula. Tsiku lina kumsika ndinamva mawu akuti, "Mwanangu!" Anali amalume, atakhala pamphasa akugulitsa fodya wopota. Usekeletale unali utatha, khosi lija litaphwa. Anatukula dzanja lija kundipatsa moni, zala zitatu.

"Usamachite manyazi ukandiona," anatero, anthu oyandikana nawo akumva. "Inali ngozi ya pantchito. Mwanayu anachenjeza, ine Chipwitikizi chinandipita."

Ndinazindikira kuti ndi mmene akhala akuifotokozera nkhaniyi zaka zonsezi, ndipo zinandiwawa ngati andibera. Ndinanjuta pafupi nawo n'kuyankhula m'Chinyanja chomveka bwino, kuti wogulitsa tomato wa pambali pawo amvenso.

"Amalume, sinali ngozi. Dzanja lanu ndinaliona. Ndinasankha dala chiyankhulo choti musamve, ndipo pokweza sindinafulumire."

Anayang'ana fodya wawo. Anasuntha mpukutu umodzi, anaubwezera pomwe unali.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero motsitsa. "Amayi ako ali bwanji?"

"Ali moyo."

"Uwauze kuti nyumba yawo idakalipo. Denga ndinafoleretsa chaka chatha. Abwerere kwawo."

Ndinakawauza amayi madzulo ake. Anapitiriza kusanja nsomba m'dengu ngati sanamve, kenaka anati, "Afolere ndithu. Ine mudzi umodzi ndi munthu ameneyo ayi."

Anakhala ku Metangula zaka zina zisanu ndi chimodzi, m'kachipinda kakang'ono kuseri kwa nyumba ya mkamwini wawo, mwamuna wa mlongo wanga, akudandaula tsiku lililonse za phokoso ndi madzi ogula. Uthenga wa maliro a amalume unabwera ndi boti la Lachiwiri. Lachitatu m'mawa amayi anabwera kugombe kumene ndinkagwira ntchito, mtolo uli kale pamutu, n'kundiuza kuti ndisiye zimene ndikuchitazo ndikawagulire khasu latsopano ndi kuwapezera malo m'boti lopita kumpoto.